Kazenera ka Matikiti ku Luchenza

Anabwera Lachiwiri kudzandifunsa,
anyamata atatu ndi mtsikana wa kope m'manja,
nsapato zawo zitalemera ndi katondo:
"Mayi Namulimba, khoma la m'katimu linali la mtundu wanji?"
Ndinaseka mpaka kutsokomola.
Zaka khumi ndi zinayi ndinagwira ntchito pa kanema wa Nyenyezi,
koma khomalo sindinalionepo magetsi akuyaka.

Malo anga anali panja, pa kazenera kachitsulo
kongokwana dzanja limodzi ndi ndalama yake.
Anthu ndinkawadziwira zikhadabo:
zakuda ndi utomoni wa tiyi, za othyola a ku esiteti,
zonunkha girizi, za anyamata a ku njanji,
zoyera za kalaliki wa ku positi
amene ankawerenga chenje kawiri, maso ali pa ine.
Tsiku la malipiro mzere unkafika pa sitolo ya a Dawoodji,
chiperoni chikunyowetsa mapewa,
popanda wochoka pamzere.

Mafilimu ankabwera pa sitima kuchokera ku Limbe
m'zitini zophwatalala ngati malichero.
Mukhito ankazisenza pamutu,
kukwera nazo masitepe khumi ndi asanu ndi awiri.
Chitseko chikatsekedwa, ine ndinkatsala ndi phokoso:
ziboda za mahatchi, mfuti,
mkazi wachimwenye akuimba ndi mawu opyapyala ngati ulusi,
ndiye tepi ikaduka, likhweru la holo yonse,
"Mukhito! Bweza ndalama zathu!"
Nkhani yake ndinkaimva mawa kumsika,
aliyense ndi mathero akeake.

Kenaka kunabwera mavidiyo a m'zisakasa, otchipa.
A Dawoodji anasamuka.
Makina anafunditsidwa chiguduli.
Holo inasanduka mosungira feteleza,
kenaka tchalitchi cha mbusa amene anasowa ndi chopereka,
kenaka mudzi wa mileme.
Mukhito tinamuika chaka cha njala, anthu osakwana makumi awiri.
Kachere anamera pamwamba pa khonde,
mizu yake n'kugwetsa chilembo choyamba,
ana a sukulu n'kumawerenga YENYEZI.

Lero ana awa atulutsa ndowe za mileme mawilibala makumi anayi.
Kalipentala Nakhumwa akudzutsa mipando umodziumodzi.
Kuseri kwa wina, mzere wachitatu,
anapeza mayina olembedwa ndi msomali,
Felesiya ndi Wayisoni.
Ankafuna kupala. Ndinati siya,
awiriwo ali ndi zidzukulu ku Goliati, ndipo amakanganabe.
Makina a Mukhito sadzazunguliranso,
awapukuta, awaimika pakhomo kuti anthu aziona.
Olowa m'malo mwake ndi kabokosi kosaposa buledi.

Dzulo anandiitananso.
Anali atapala utoto woyera wa mbusa uja,
atapalanso laimu wa nthawi ya feteleza,
ndipo pansi pa zonsezo panatuluka kubiriwira,
kuja kwa tiyi mvula yoyamba ikangogwa.
Ndinaikapo chikhatho. Linali lozizira.
Ndiye kuti linali chonchi zaka zonsezo,
kuseri kwa msana wanga,
ine ndili kalikiliki kung'amba timapepala.

Loweruka akutsegulira.
Andipatsa tikiti yaulere, mpando wapakati penipeni,
ine amene sindinalowetsepo munthu ulele,
ngakhale mlamu wanga.
Pa kazenera kanga aikapo mtsikana wa ku Thunga
wolandira ndalama za pafoni.
Ndamuuza kuti aziyang'anabe manja.

Ndapempha chinthu chimodzi chokha:
filimu ikaduka, andilole ndiimbe likhweru,
ndikuwe dzina la Mukhito kamodzi
monga ankakuwira ena ine ndili panja.
Anyamatawo aseka, akuti za masiku ano siziduka.
Chabwino, tiona.
Magetsi a kuno ine ndimawadziwa.